Thandizani: kulondola banja la Cavendish chaka ndi chaka

Abale, ndikulemba mndandanda wa makolo a banja la Cavendish, eni a nyumba yaikulu ya Chatsworth ku Derbyshire, m'dziko la England, pamodzi ndi komwe ankakhala mwezi ndi mwezi m'zaka za m'ma 1800. Pali malo awiri pomwe ndikufuna nzeru zanu.

Mayina ndiwo akusokoneza kwambiri. Kuyambira 1694, ma Duke a Devonshire (udindo waufumu wa mtsogoleri wa banjali) 7 oyambirira onse anali William, ndipo wolowa m'malo ankatchedwa Marquess of Hartington bambo ake akadali moyo, choncho munthu mmodzi amaoneka ngati awiri m'makalata. Mu 1858 Duke wa 6 adamwalira wosakwatira, udindo n'kupita kwa wachibale, Earl wa Burlington. Makalata opanda chaka mumawagawa bwanji pakati pa anthuwa? Musanene za masiku okha, poti chisanafike chaka cha 1752 chaka ku England chinkayamba pa 25 Malichi.

Kwinako ndi maulendo. Kalembera amangogwira usiku umodzi pa zaka 10, monga wa pa 30 Malichi 1851, pomwe banjali linkasinthasintha pakati pa Chatsworth, Devonshire House ku London, Bolton Abbey ku Yorkshire ndi Lismore Castle ku Ireland. Ku Ireland nako mapepala ambiri a kalembera adapsa mu 1922. Lendi ya minda ya banjali inkalipidwa pa 25 Malichi ndi pa 29 Sepitembala, koma zimenezo zimaonetsa ndalama zokha. Amene mudawerengako mabuku a ndalama za m'nyumba ku Chatsworth, kodi zogula zakukhitchini kapena malipiro a antchito zimasonyeza tsiku lomwe banjali lidafika ndi kuchoka?