Majuzi tasonkhanitsa, koma tiwafikitse bwanji ku Dedza?

Moni nonse abale ndi alongo pagulu pano.

Ndife mabanja angapo a ku Lilongwe amene timaphunzitsa ana athu pakhomo. Chaka chino tinagwirizana ndi anawo kusonkhanitsa zovala za mphepo: majuzi, majekete, zipewa zoluka, masokosi ndi mabulangete. Zambiri ndi za ana a zaka 4 mpaka 12, zina n'zapakaunjika koma zochapa bwino, ndipo tazilongedza m'matumba malinga ndi misinkhu. Tikufuna zipite kumidzi ya ku Dedza June asanafike, poti kumeneko kukazizira mwana wopanda juzi amalephera n'kupita kusukulu komwe.

Vuto ndi wotilandira. Tinalankhula ndi mpingo wina, anati tidikire komiti ikumane, mpaka lero zii. Munthu wina anadzipereka kukagawa yekha, koma sitikumudziwa, ndipo tikuopa kuti majuziwo tingakawapeze ali pamsika. Kungofika n'kuyamba kugawa pamsewu sitikufuna, amphamvu ndi amene angatenge.

Kodi tidzere kwa amfumu, kwa aphunzitsi aakulu kapena ku ofesi ya zachisamaliro cha anthu paboma? Nanga anawo n'koyenera kupita nawo pokagawa? Amene munachitapo zotere, tithandizeni nzeru chonde.