Ana a ku Nsanje ndi anzawo a ku Scotland: tiyendetse bwanji?

Aphunzitsi anzathu, tithandizeni nzeru. Ophunzira a Fomu 3 kuno ku Nsanje akufuna kumakambirana pa intaneti ndi anzawo a ku Scotland za thanzi la m'maganizo, chilengedwe ndi banja.

Nthawi siyovuta: kumeneko amatsalira ola limodzi kuyambira Epulo mpaka Okutobala, ndipo maola awiri kuyambira Novembala mpaka Malichi. Kuyimbirana pa vidiyo ndiye ayi, kumatha bandulo msanga, netiweki imadukaduka, komanso foni imatentha masana a Okutobala. Tikuganiza zotumizirana mawu ojambula pa WhatsApp, mphindi imodzi aliyense, kudzera pa foni ya mphunzitsi, makolo atasaina chilolezo. Zithunzi zikhale za dambo la Elephant Marsh, minda ndi mtsinje wa Shire, osaonetsa nkhope.

Pomwe pavuta ndi apa. Ambiri mwa anawa anaferedwa kapena kusamutsidwa ndi namondwe Freddy mu Malichi 2023, ndipo funso longoti "kwanu kuli bwanji?" lingathe kutosa bala. Mafunso otere mumawakonza bwanji? Mwana akayamba kulira kapena kuulula zoti akufuna kudzipha, mumamutumiza kwa ndani kupatula kuchipatala cha boma? Nanga Chisena ndi Chimang'anja, amasulire ndani kuti chinsinsi chisatuluke?