Kachomera kanga kakufewa masamba, thandizeni

Nachisale_Matawale: Abale ndinapatsidwa kachomera kaja ka masamba onenepa osunga madzi, ena amati succulent, kali mukachitini pakhonde. Pano masamba apansi ayamba chikasu komanso akufewa ngati nthochi yakupsa. Ndimathirira mmawa uliwonse. Chavuta nchani?

Che Mpondabwino: Mmawa uliwonse?? Mayi mukukapha ndi chikondi kkkk. Zomera zimenezi kwawo nkouma, madzi zimasunga m'masambamo, ndiye mukamathirira daily mizu imaola. Pisani chala mudothimo, ngati muli chinyezi musathire, dikirani liume kaye ndithu. Komanso mvula ya kuno ku Zomba mukuidziwa, kuyambira Disembala mpaka Malichi kasamavumbwe, kakokereni mkati mwa khonde koma poti kaziona dzuwa la mmawa.

Mlongo_wa_Chinamwali: Chitinicho munaboola pansi? Poyambira mpamenepo. Kazuleni muone mizu, yakuda yonunkha dulani, kasiyeni pamthunzi masiku awiri atatu chilonda chiume kenako mudzale mudothi losakaniza ndi mchenga wokhakhala wa kumtsinje, theka theka, ine ndimaonjezeramo timakala tophwanya. Dothi lakudimba lokhalokha ayi, limagwira madzi kwambiri. Mukadzala musathirire mpaka sabata ithe.

Nachisale_Matawale: Sichoboola ayi achemwali, ndipeza msomali lero lomwe. Nanga masamba agwawa nditaye?

Mlongo_wa_Chinamwali: Ofewawo tayani. Koma lolimba likathothoka ligonekeni pamwamba pa mchenga, mitundu yambiri imatulutsa mizu ndi kamwana pakapita masabata angapo. Koma aloe vera satero, iyeyo mumachita kupatula ana ake amʼmbali.