Sapoti gulupu ya odwala bipolar: tingadziwe bwanji kuti ndi yabwino?

Nachisale:
Moni nonse. Munthu amene amupeza ndi matenda a bipolar (matenda a maganizo amene munthu pena amakwera n'kukhala ndi mphamvu ndi chisangalalo chopyola muyeso, pena amatsika n'kukhumudwa kwambiri) ndipo akumwa kale mankhwala, akamva zoti pali sapoti gulupu (gulu la odwala olimbikitsana) pafupi, ayang'ane chiyani asanalowe? Imathandizadi, kapena n'kungokhala pansi kudandaulirana?

Mlangizi_K:
Imathandiza mayi, koma osati iliyonse. Ku Barcelona m'dziko la Spain, akatswiri a matenda a maganizo Francesc Colom ndi Eduard Vieta anayerekezera magulu awiri a odwala bipolar pa kafukufuku amene anatuluka mu 2003. Onse ankamwa mankhwala, onse anakumana maulendo 21. Gulu lina linkaphunzira za matendawa motsatira ndondomeko, linalo linkangokumana n'kumacheza. Ophunzirawo matenda sankawabwerera pafupipafupi ngati anzawo aja. Ndiye kukumana pakokha sikokwanira, nkhani ili pa zimene mukuchita mukakumana.

Musanalowe funsani izi. Amatsogolera ndani, ndipo pali namwino kapena dokotala wa matenda a maganizo amene amawafikira zikavuta? Alipo anthu angati? Akapitirira 12, ofatsa salankhulanso. Nanga wina akabwera matenda atakwera, akulankhula osapumira, kapena akanena zofuna kudzipha, amatani? Akayankha kuti "timangomulimbikitsa", pamenepo palibe dongosolo. Gulu labwino limakhala ndi nambala ya wachibale wa aliyense ndipo limadziwa chipatala chothamangirako tsiku lomwelo. Pitani katatu musanagamule, chifukwa tsiku loyamba aliyense amakhala womangika.

Chisale77:
Ine chimene ndimaopa kwambiri ndi nkhani ya mankhwala. Pagulu sipalephera munthu wonena kuti anasiya kumwa ndipo ali bwinobwino. Wotsogolera akakhala chete pamenepo, tulukani. Kusiya mwadzidzidzi lithium, amene ndi amodzi mwa mankhwala a bipolar, kumabweretsa matenda msanga, ndipo amene akudzimva kuti wachiriratu nthawi zina ndi amene wayamba kukwera.

Kugawana mapiritsi nakonso ayi. Lithium amafuna kuyezetsa magazi patadutsa maola 12 chimwereni komaliza, ndipo madokotala ambiri amasunga mlingo wake m'magazi pakati pa 0.6 ndi 1.0 mmol/L. Impso ndi chithokomiro amaziyeza pafupifupi miyezi 6 iliyonse. Mnzanu wachifundo akakupatsani ibuprofen kapena diclofenac chifukwa mutu ukupweteka, lithium amachuluka m'magazi. Zimachitikanso mukatsekula m'mimba kapena madzi akachepa m'thupi. Mukaona kunjenjemera kwambiri, kusanza, kudzandira ndi lilime kulemera, pitani kuchipatala osadikira tsiku la msonkhano. Mankhwala ena a bipolar nawonso ali ndi zake: valproate amavulaza mwana m'mimba, carbamazepine amafooketsa mapiritsi olera, ndipo mankhwala ochepetsa kukhumudwa monga amitriptyline kapena fluoxetine akamwedwa okha akhoza kuyambitsa kukwera. Chimene chamuyanja mnzanu chikhoza kukupwetekani inu.

Nachisale:
Zikomo. Nanga munthu apite ndi chiyani kuti apindule?

Mai_Nursing:
Kope ndi cholembera basi. Tsiku lililonse lembani zinthu zitatu: maola amene mwagona, mmene mukumvera kuyambira pa -5 (kutsika kwambiri) mpaka +5 (kukwera kwambiri), ndiponso ngati mwamwa mankhwala. Zimatenga mphindi imodzi. Tulo ndi limene limaulula msanga. Kugona maola atatu kapena anayi masiku awiri otsatizana koma osamva kutopa, chimenecho ndi chizindikiro cha kukwera, ngakhale mwiniwake amaona ngati wangopeza mphamvu. Anzanu apagulu amazindikira kusinthako inu musanavomere, ndipo phindu lalikulu lili pamenepo. Koma muwapatse chilolezo mudakali bwino, polemba kuti akaona chakuti aimbire uje, ndipo khadi la kubanki asunge uje.

A Mlangizi, ndiwonjezere funso limodzi pa anu aja: amakumana nthawi yanji? Misonkhano yotha usiku, kapena gulu la WhatsApp lolira mpaka 2 koloko m'mawa, zimaononga tulo lomwe tikuti lisamalidwelo. Pakhale ola lotsekera mauthenga. Kubwerekana ndalama kuletsedwenso poyera, chifukwa munthu akakwera amagawa ndi kulonjeza zambiri, akatsika kumatsala ngongole ndi manyazi, kenako sabweranso.

Mlangizi_K:
Zoona zimenezo. Ndipo amene ali pansi kwambiri, woti kudzuka kukumukanika, asadziimbe mlandu akajomba. Aonane kaye ndi dokotala, ndipo gulu likhale ndi munthu mmodzi woimbira foni aliyense amene wajomba kawiri motsatizana.