Gel ya doxorubicin ikulimbira mu sirinji, tithandizeni

Akuluakulu a m'malabu, tigawireniko nzeru. Tikupanga gel yonyamula doxorubicin, mankhwala a khansa, pogwiritsa ntchito poloxamer 407, polima yomwe imalimba ikafunda. Poloxamer 407 ya 20%, yosungunulidwa usiku wonse mufiriji pa 4°C, imakhala yamadzimadzi, koma ikangopitirira 20°C pang'ono imayamba kugwirana. Kuno ku Harare mu Okutobala chipinda chimafika 28°C, ndiye gel ikulimba isanatuluke, singano yopyapyala ya 25G n'kutsekeka. Kuthira poloxamer 188, mtundu wina wa poloxamer, kumathandiza kuti ichedwe kulimba, inde, koma gel yake imafooka: mu PBS (madzi amchere oyesera m'labu) pa 37°C, kutentha kwa thupi, doxorubicin wambiri akutuluka tsiku loyamba lomwelo, chonsecho timafuna azituluka pang'onopang'ono mkati mwa chotupa cha khansa. Zikadali zoyesa m'botolo izi, sizinafike kwa wodwala. Kodi 188 mumathira yochuluka bwanji? Kapena tingosinthira ku chitosan (polima yochokera ku zigoba za nkhanu) wosakaniza ndi mchere wa β-glycerophosphate, amene amadikira 37°C kuti alimbe?