Za makontena aja: tigule kapena timange?

Wapampando (Lilongwe): Abale ndi alongo, mwaswera bwanji nonse? Nkhani ija tinaisiya m'malere Lamlungu ndi iyi. Ndalama zomwe takhala tikusonkha chipitireni namondwe wa Freddy zafika poti n'kugwira ntchito yooneka. Achimwene athu a ku Joni abwera ndi ganizo loti tigule makontena awiri, tiwakonze kuti akhale pothawira anthu madzi akabwera. Ndawapempha kuti afotokoze okha. Mavesi ndi zithunzi za maluwa tiyambe taziimitsa mpaka mawa, chonde.

Achimwene a ku Joni: Zikomo a Pampando. Ambiri mukudziwa kuti ine ndi wa pa thiraki. Njira yanga ndi Durban, Beitbridge, Nyamapanda, Tete, Zobue mpaka Mwanza, ndiye kontena ndimaidziwa ngati mkazi wanga. Ya twente fiti m'litali ndi mamita 6, m'lifupi 2.4, msinkhu 2.6, ndipo yopanda kanthu imalemera matani awiri ndi pang'ono. Chitsulo chake anachipangira kunyanja, kumene amazisanjikiza pa sitima n'kumamenyedwa ndi mafunde ndi mchere zaka ndi zaka. Mvula ya kwathu ingaitani? Tenti mwaiona nokha, masabata ochepa yang'ambika, ndipo mbala imangodula ndi lezala. Si nzeru zanga izi. Ku Turkey chivomezi chitagwetsa nyumba pa 6 February 2023, mwezi umodzi Freddy asanatipeze ife, anthu anawaika m'midzi ya makontena, mpaka dziko la Qatar linatumiza tinyumba tomwe munkagona anthu oonera World Cup ya 2022. Ku Onagawa ku Japan, itapita tsunami ya 2011, anazisanjikiza nyumba zosanja katatu, mabanja n'kukhalamo. Ife tikanike ziwiri zokha?

Aphunzitsi: Ine chilichonse chomwe chingachotse anthu m'kalasi ndichivomera ndi manja awiri. Musandimve molakwa, othawawo ndi abale athu, mayi anga omwe anagona m'kalasi ya Sitandade 3. Koma mu March 2023 muja sukulu inasanduka mudzi. Banja lililonse linamanga chitenje pakona, madesiki ena anathera pamoto chifukwa nkhuni zonse zinali zonyowa, zimbudzi zinadzadza pasanathe masabata awiri. Pa bolodi panali ntchito ya masamu ya tsiku lomaliza, inakhala pamenepo mpaka inafufutika ndi misana ya anthu. Ana a Sitandade 8 ndinkawaphunzitsira pansi pa mtondo mayeso ali pakhomo. Ndiye achimwene, ine ndili mbali yanu.

Malume owotcherera (Ndirande): Aphunzitsi dikirani kaye. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Ine makontena ndawasandutsapo mashopu angapo kuno ku Blantyre, ndiye ndilankhula zomwe manja anga agwira. Choyamba ndi kutentha. Kuno ku Ndirande n'kozizira, koma ikamakwana 1 koloko wogulitsa amatulutsa mpando n'kukhala panja, shuga ndi sopo n'kumapsa zokha mkatimo. Nanga kwathu kuchigwa, kumene ku Ngabu kumapitirira madigiri 40? Imeneyo ndi ng'anjo ya njerwa, si nyumba. Usiku zimatembenuka: mpweya wa anthu ogona umagunda chitsulo chozizira, kudenga kumachita thukuta, m'bandakucha madzi amayamba kudonthera pa bulangete ngati denga likudontha.

Kuti munthu agonemo pamafunika kudula mazenera mbali zonse ziwiri. Tsono mphamvu ya kontena ili m'makona ndi m'malata ake opindikawo. Ukadula ndi galayinda osawotchererapo felemu ya chitsulo, khoma limayamba kupindika. Kenako siling'i, kenako denga lina pamwamba losiya mpata woti mphepo izidutsa, kenako penti woyera. Komanso pansi pake pali matabwa omwe ambiri amawathira mankhwala ophera tizilombo, ndipo sudziwa kuti inanyamulapo chiyani. Ina nditaitsegula fungo linanditsamwitsa, tinachita kukanganula matabwa onse. Ana athu amagona pamphasa, mphuno ili pa thabwa. Mukawerengetsa zonsezi muona kuti mwamanga nyumba kawiri.

Achimwene a ku Joni: Malume, madzi amabwera January mpaka March, si October.

Malume owotcherera (Ndirande): Mwana wa mlongo wanga, wakhalitsa ku Joni. February wa kwathu wamuiwala? Mvula ikangokata, dzuwa lake limatuluka ngati lakwiya, chinyontho chili tho.

Anamwino (Manchester): Moni nonse, ndangoweruka kumene. Ine ndili ndi funso la masamu basi. Mabungwe othandiza pa ngozi ali ndi muyezo womwe amatsata, wa Sphere, ndipo umati munthu mmodzi apeze malo ofoleredwa osachepera masikweya mita 3.5. Mkati mwa twente fiti muli pafupifupi masikweya mita 14. Ndiye kuti anthu anayi. Makontena awiri, anthu asanu ndi atatu. Aphunzitsi, kusukulu kuja kunali anthu asanu ndi atatu?

Aphunzitsi: Mayi, makalasi onse anadzadza mpaka m'khonde. Ndakumvani.

Anamwino (Manchester): Freddy anasowetsa pokhala anthu oposa 600,000 kwathu ku Malawi, ndipo anatipeza kolera ili kale mkati, ija inayamba mu March 2022. Chomwe chimandisowetsa tulo ine si khoma, koma chimbudzi ndi madzi akumwa. Msasa wopanda zimenezi ndi manda ongodikira.

Achimwene a ku Joni: Ndiye tigule fote fiti, ndi mamita 12. Ndipo usiku woyamba munthu sayeza masikweya mita, amangofuna pouma. Ine zikundiwawa chifukwa chaka chilichonse timakambirana, madzi amabwera, timatumiza ufa ndi zidebe, basi. 2015, Idai 2019, Ana 2022, Freddy 2023. Tidzayamba liti kuika chinthu choti chikhalepo?

Msungichuma (Zomba): Achimwene, mtima wanu tonse tikuumva, ndipo pa zosonkha simunaphonyepo mwezi, zimenezo ndichitire umboni. Koma ine ndine wa thumba. Kontena siyenda yokha. Itsike mapiri aja kuchoka ku Blantyre, ikhotere pa Thabwa kulowa msewu wa East Bank, iwoloke timitsinje tonse tija. Ikafika, aitsitsa ndani? Matani awiri si oti anyamata anganyamule poimba nyimbo. Pafunika kireni, ndipo nayo ichokere ku tauni, tiilipire popita ndi pobwera. Fote fiti ndiye kulemera kwake kukuyandikira matani anayi. Ndafunsa mitengo malo awiri, ndaitumiza kwa a Pampando. Mwachidule, mayendedwe ndi kireni zikudya gawo lomwe likanagula simenti yambiri ndithu. Komanso zonsezi n'zotheka m'chilimwe chokha. Mvula ikayamba, thiraki imeneyo tikaisiya m'matope.

Agogo akumudzi (akulemba ndi mdzukulu): Ana anga, ndamva zonse, mdzukuluyu wandiwerengera. Ine chingerezi cha mafiti sindichidziwa. Ndingofunsa: chitini chanucho mukachikhazika pati? Madzi saiwala khwawa. Mu 2015 Ruo anasiya njira yake n'kudzera m'midzi ya ku Makhanga, malo omwe anthu ankati madzi safikako. Mukachiika pafupi ndi msika poti m'pamene pali anthu, chidzapita ndi madzi anthu ali momwemo.

China ndi ichi. Ife kumsasa kuja mvula sinatipweteke kwambiri ayi. Chinatipweteka ndi chimanga chomwe tinapulumutsa, chinamera m'matumba chifukwa panalibe pouma pochiika. Mbewu ya kudimba inaola. Ufa wa thandizo unkagona pakhonde, amuna n'kumaulondera ndi zibonga. Ndipo usiku, amuna ndi akazi chipinda chimodzi, ife amayi tinkagona mosinthana kuyang'anira atsikana. Posambira panalibe, tinkadikira mdima. Mwana wina anachira pakona ya kalasi, tinangomutchinga ndi zitenje. Zimenezi amuna simuzinena pa misonkhano yanu.

Achimwene a ku Joni: Agogo, pa madzipo mwanena zoona, ndisaname. Kontena yotseka bwino imayandama ngati bwato, ngakhale kunyanja zikagwa pa sitima zina zimatha masiku zikungoyendayenda. Iyenera kukhala kumtunda, pa zipilala za konkire, ndipo makona ake amangiriridwe.

Mphwanga wa ku MUBAS: Makolo anga, ndilankhuleko ngakhale ndine mwana. Ndikuona ngati agogo atipatsa kale pulani. Kontena ndi yoipa pogona koma ndi nkhokwe yabwino kwambiri: khoswe salowa, mbala siboola, mvula siidutsa. Bwanji tigule imodzi yokha ya twente fiti, ikhale mosungira ufa, mbewu, maneti, mabulangete, klorini ndi mapepala apulasitiki? Pambali pake timange chishedi chachikulu cha malata, pansi pokwezeka pa simenti, khoma la njerwa lofika m'chiuno, pamwamba potseguka kuti mphepo izipita. Denga lomwelo lifunditse kontenayo kuti isamawombedwe ndi dzuwa, ndiye nkhani ya ng'anjo ija yachepa. Shediyo tiidule pakati, amayi ndi ana mbali yawo. Kumapeto kachipinda ka njerwa kotseka, ka amayi oyembekezera ndi odwala. Madzi a padenga alowe m'thanki, sola imodzi ya magetsi ndi yotchajira mafoni. Njerwa aumba anthu kumudzi, mchenga uli pamtsinje. Masiku opanda ngozi pazichitikira sikelo ya ana ndi sukulu ya mkaka, chifukwa nyumba yongokhala imadyedwa ndi chiswe ndi mbuzi.

Malume owotcherera (Ndirande): Apa ndiye mwanayu sukulu sinamupite pachabe. Pa nkhokwe sindidula zenera, ndingoboola timabowo ta mpweya m'mwamba n'kutchinga ndi sefa, matumba akhale pa mapaleti. Ntchito ya manja anga sindilipiritsa, mungondigulira ma rodi ndi thiransipoti.

Anamwino (Manchester): Zimbudzi, abale. Musazisiye kumapeto ngati mmene timachitira pomanga tchalitchi. Za amayi padera, za abambo padera, zokwezeka, ndipo zitalikirane ndi mjigo.

Bambo a ku Bangwe: Ine ndakhala chete dala. Mapulani okoma tawaonapo, ngakhale doko la Nsanje analitsegula ndi nyimbo mu 2010, lero mukawedza nsomba pamenepo. Funso langa ndi limodzi: kiyi asunga ndani? Kontena ya ufa pakati pa mudzi mu February, nthawi ya njala, madzi asanabwere. Mukuganiza kuti ifika March ili yodzadza? Ndipo pakapita zaka ziwiri popanda chigumula, tidzangomva kuti mwana wa uje watsegulamo vidiyo sho. Malonso ndi a yani? Lero mfumu ipereka ndi pakamwa, mawa adzukulu adzati munda wa agogo athu.

Mlembi (Mzuzu): Bambo a ku Bangwe afunsa zenizeni, ngakhale afunsa mokalipa. Za malo, tisakhazike ngakhale njerwa imodzi popanda kalata yosainidwa ndi a Gulupu, a T/A ndi eni munda, ndipo ipite ku khonsolo. Kumudzi kuli kale komiti yoona za ngozi, ija tinazolowera kuitcha VCPC, yomwe imalumikizana ndi a DoDMA, nthambi ya boma yoona za ngozi, kudzera kwa a DC. Tisapange ufumu wathu wapadera, tigwire nawo ntchito, mwinanso ali kale ndi malo omwe anawaloza kuti ndi okwera. Za kiyi, maloko akhale atatu osiyana: wina kwa a komiti, wina kwa amayi, wina kwa a mpingo kapena kusukulu. Osatsegula mmodzi yekha.

Agogo akumudzi (akulemba ndi mdzukulu): Wa amayiwo mundipatse ine. Ndione amene adzabwere kudzandinyengerera.

Bambo a ku Bangwe: Agogo mukasunga inu ndiye ndasonkha kawiri mwezi uno.

Achimwene a ku Joni: Ine sindinagonje kwenikweni, ndinene poyera. Shedi yotseguka mphepo ya namondwe idzalowetsa mvula cham'mbali, mudzandikumbuka. Ndikanakonda yachiwiri ikhalepo ndithu, ikhale ya odwala m'malo mwa kachipinda ka njerwa, poti njerwa za dothi la kwathu zikanyowa zimasungunuka. Koma tiyambe ndi imodziyo. Ndifufuza ku Blantyre konko kusiyana n'kuchokera nayo kuno, za pa boda zingatidyere nthawi. Malume mukaione nokha musanapereke ndalama, makamaka dzimbiri kudenga ndi mphira wa pa zitseko.

Malume owotcherera (Ndirande): Ndikaiona. Ndipo ukabwera ulendo uno udzakhale mu shopu ya kontena kuyambira 12 mpaka 2 koloko chitseko chili chotseka, ukatuluka udzatiuze ngati ukufunabe kugonekamo odwala. Chinanso ndinaiwala: zitseko za kontena zimatsekedwa ndi mipiringidzo yakunja, uli mkati sungatsegule. Ngakhale ikhale nkhokwe, ndidzaika kachitseko kotsegukira mkati. Ana amasewera chibisalirano paliponse.

Wapampando (Lilongwe): Zikomo nonse. Sitivota lero. Mphwanga wa ku MUBAS ajambule pulani ndi mndandanda wa zipangizo pofika Lachisanu, a Msungichuma aike mitengo iwiri pambali: kontena imodzi ndi shedi, komanso makontena awiri monga ananenera achimwene. Aphunzitsi, inu muli pafupi, mukaonane ndi a Gulupu ndi a komiti Loweruka, mukayende nawo pa chitunda chija cha kuseri kwa manda, mukafunse akuluakulu ngati madzi a 2015 anafikapo.

Aphunzitsi: Ndipita, koma njinga yanga yatha matayala. A Msungichuma mwamva?

Msungichuma (Zomba): Ndamva. Ndamvanso kuti anthu 11 sanapereke ya mwezi watha. Mayina ndiwatchula mawa 6 koloko m'mawa.