Nazale ya kumudzi: mbawa kapena mlombwa?

A Mlembi: Abale anga, ndalama ya machubu yakwana. Nyengo yodzala mitengo imayamba pa 15 Disembala, ndiye tigwirizane msanga. Tifese mbawa kapena mlombwa?

Achimwene a ku Joni: Mbawa basi. Bungwe la IUCN, loona zoteteza zachilengedwe padziko lonse, linaika mbawa m'gulu la mitengo yomwe ili pachiopsezo, pomwe mlombwa uli m'gulu losadetsa nkhawa kwenikweni. Tipulumutse womwe ukutha.

Amayi Msungichuma: Achimwene, iwo akuwerengera ndi mlombwa wa ku Angola, Zambia ndi Mozambique. Kwathu kuno watsala pati? Tili ana tinkasenda khungwa lake kuti tione utomoni wofiira ngati magazi, n'kumatola zipatso zake zija zozungulira, zaminga pakati. Lero kalipentala wa pamsika amasowa thabwa la mlombwa loti apangire chitseko chimodzi. Pajatu mu 2022 msonkhano wa CITES, pangano la mayiko loyang'anira malonda a zomera ndi nyama zakutchire, womwe unachitikira ku Panama, unaika mitengo yonse iwiri pa mndandanda umodzi, kuti matabwa ake asamatuluke m'dziko popanda chilolezo.

Aphunzitsi opuma: Ana anga, mitengo iyi si yapachibale. Pa dzina la sayansi, mbawa ndi Khaya, banja limodzi ndi nimu ndi indiya. Mlombwa ndi Pterocarpus angolensis, wa banja la nyemba, mbale wake wa nsangu. Ine ndinaufesapo ndi ana asukulu, unandiliza. Njere zimamera zowerengeka, ndipo kamtengoko kamauma kumtunda chilimwe chilichonse kwinaku kakukuza muzu pansi, zaka zingapo kasanayambe kutalika. Anthu amati kafa, n'kulimapo. Mbawa njere ikakhala yatsopano imamera bwino, koma imafuna chinyezi.

Achimwene a ku Joni: Ndiye mwandivomereza, aphunzitsi.

Aphunzitsi opuma: Kumtsinje kokha. M'machubu muikemo mbawa, tidzale m'mphepete momwe gombe likugumuka. Kuphiri kuli zitsa za mlombwa zomwe zikuphukira zokha. Izo sizifuna chubu, zifuna kulambulira moto usanafike ndi kuletsa nkhwangwa.

Amayi Msungichuma: Zikatero ndalamayi isathere machubu. Tipatulepo ya makasu ndi zikwanje, ndi kangachepe ka anyamata olambula.

Achimwene a ku Joni: Ya zikwanje nditumiza mwezi ukatha. Koma owotcha makala awaletse ndani?

A Mlembi: Imeneyo ndi ya amfumu. Ndipita Loweruka m'mawa. Aphunzitsi, mundiperekeze, mukawaonetse zitsazo ndi maso.